Osamira, Osayandama

Kwathu kuno ku Mangochi mawu oti "kumira" ndi mawu a maliro. Akamveka ndiye kuti mwera wagubuduza bwato, kapena mwana wapita kosamba osabwerako, ndipo azibambo ayamba kale kuyenda m'mbali mwa gombe ndi matochi. N'chifukwa chake zimandivuta kufotokozera anthu akwathu zimene ndimakachita ku Cape Maclear. Ndikati ndimamira dala, amandiyang'ana ngati wolodzedwa. Ndikati ndimabira, akuluakulu amamva ndithu, koma maganizo awo amapita kwa anyamata a makoka a nkacha ku Malombe, amene amatsika ndi mpweya wa m'chifuwa mokha kukamanga khoka kunsi kwake n'kubwerera msanga asanabanike. Achinyamatafe timangoti kudaiva basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu kudaiva ndi silinda kumsana n'kosiyana ndi zonsezi. Luso lake lagona pa chinthu chimene Chichewa sichinachipatse dzina: kuima pakati pa madzi. Pansi pali patali, pamwamba pali patali, iwe uli phee ngati tombolombo pamwamba pa bango, osagwira kanthu, osapalasa. Chipangizo chothandiza munthu kuima chonchi ndi chimene chinandisowetsa tulo miyezi ingapo, nditaganiza zogula changachanga.

Amachitcha BCD. Ndi zilembo zoyambirira za mawu achingerezi otanthauza chipangizo chowongolera kayandamidwe ka munthu. Pamaso imaoneka ngati jekete yopanda manja. Kumbuyo kwake kuli lamba womangira silinda, m'kati mwake muli thumba la mpweya, ndipo paphewa lakumanzere pamatsika payipi yokhala ndi mabatani awiri, lina lolowetsa mpweya kuchokera m'silinda, lina lotulutsa. Amalume anga, amene akhala akupha usipa ndi utaka ku Msaka kuyambira ine ndisanabadwe, ataona chithunzi chake ndi mtengo wake pafoni anagwira pakamwa.

"Mphwanga, laifijaketi yokhayi ndalama zonsezi? Ndikakufunsire kwa a maboti, amagulitsa motchipa."

"Amalume, si laifijaketi. Mukamatumbula chambo, paja mumapeza kathumba koyera ka mpweya chakumsana kwake?"

Anakhala chete pang'ono. Kenako anayamba kundiphunzitsa iwowo za nsomba za pansi kwambiri, monga ndunduma, zimene zimati zikakokedwa msanga zimafika pamwamba mimba itatupa chifukwa kathumbako kafufuma. "Ndiye kuti ukugula chimene nsomba inabadwa nacho," anatero. Palibe buku la daivi limene linandifotokozerapo bwino choncho.

Masamu ake ndi awa, ndipo musathawe, ndi ochepa. Ukatsika mamita 10, mphamvu imene ikukupsinja imakhala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi pamwamba. Mpweya uliwonse umene wanyamula m'chinthu chofewa umafinyika n'kutsala theka. Wetsuit nayo, poti ndi mphira wodzaza ndi timathovu, imaphwa. Ndiye ukamatsika umanka nulemera, ndipo umayenera kuthira kampweya pang'onopang'ono m'jekete kuti usagwe ngati mwala. Pokwera zinthu zimatembenuka. Mpweya uja umafufuma n'kukukweza, ukakukweza umafufumanso kwambiri, ndipo ukachedwa kuutulutsa umathamangira pamwamba ngati chigubu chimene mwana wachikanikizira pansi pa madzi n'kuchitaya. Ngozi yeniyeni ya daivi ili pamenepa. Mapapo atha kung'ambika ngati munthu wagwira mpweya osapuma, ndipo naitrojeni amene walowa m'thupi atha kuchita thovu ngati Fanta wokhutchumula. Malamulo a PADI amati usakwere kuposa mamita 18 pamphindi, komanso uime mphindi 3 pa mamita 5 usanatuluke. Ife kuno tiyenera kusamala koposa, chifukwa nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja zamchere, pamene matebulo wamba a daivi anawerengera malo osapitirira mamita 300.

Choncho funso langa loyamba pa BCD iliyonse linali lakuti imatulutsa mpweya msanga bwanji, ndipo kodi dzanja langa lingachipeze chingwe chotulutsira ndili chafufumimba kapena chadodolido, madzi atachita bii, mtima ukugunda. Kulowetsa mpweya ndiye iliyonse imatha.

Oyamba kudaiva analibe n'komwe jekete. Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atapanga Aqua-Lung mu 1943, anthu ankangoyeza mtovu wa m'chiuno, kwinako n'kumadalira mapapo ndi miyendo. Kolala ya mpweya ya Fenzy, yovala m'khosi ngati goli, inadza mu 1961. Kunoko nakonso, Amalawi ogwira mbuna zotumiza kunja, monga a kwa malemu Stuart Grant ku Salima, ankapuma kudzera m'payipi yaitali yochokera pa kompresa ili m'boti, ndipo nsomba za pansi ankazikweza pang'onopang'ono masiku angapo kuti kathumba kaja kasaziphe. Ndimawakumbukira anthu amenewa ndikamaona majekete a masiku ano, matumba ndi mphete mbwee ngati munthu akusamuka.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangobwereka, poti malo onse a daivi amabwereketsa. Ndinabwereka ndithu, maphunziro anga onse oyamba. Vuto ndi thupi langali. Ndimalemera makilogalamu 52, ndipo majekete ambiri obwereketsa anagulidwira alendo amene dzanja lawo limodzi ndi ntchafu yanga. Jekete yaikulu imati ukaithira mpweya pamwamba pa madzi, yokha imakwera mpaka m'makutu iwe n'kutsalira m'munsi mwake, chibwano chili m'madzi. Pansi ndiye silinda imayendayenda kumsana. Amene munaberekapo mwana ndi chitenje chosamangitsa mukudziwa: ukapendekera kumanzere iye amapitirira, ukabwerera iye amachedwa, ndipo ulendo wonse umangoganiza za kumsana. Umatha mpweya msanga polimbana ndi katundu wako yemwe. Komanso lero wapatsidwa jekete iyi, mawa ina, chingwe chotulutsira chili pena. Dzanja siliphunzira.

Palinso china. Ndikufuna kufika pa Divemaster, ndipo wa ntchito imeneyo amayembekezeka kukhala ndi zida zake. Ku Chembe anyamata ambiri amadya za nyanjayi pamwamba pokha: kupititsa alendo ku Thumbi, kuponyera nkhwazi nsomba kuti ijambulidwe, kuwotcha kampango pamiyala. Ndi ntchito, sindikunyoza. Koma otsogolera alendo pansi pa madzi, kumene kuli chimene chinachititsa kuti malowa akhale Lake Malawi National Park mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, akwathu ndi owerengeka, ndipo atsikana ndiye osanena. Chimodzi mwa zotchinga pakhomo pamenepo ndi mtengo wa zida.

Nditalowa pa intaneti ndinapeza anthu akukangana ngati za Bullets ndi Wanderers. Gulu lina limaikira kumbuyo jekete wamba, imene mpweya wake umazungulira m'nthiti ndi kumsana. Gulu lina likuti jekete ndi ya ophunzira, wodziwa amavala wing, limene ndi thumba lokhala kumsana kokha, lomangidwa pa chitsulo chafulati, kutsogolo kuli malamba basi. Pakatipo pali zosakaniza. Ndinene zoona, wing inandikopa kwambiri. Imagoneka munthu chafufumimba bwinobwino m'madzi, pachifuwa sipakhala chofinya, ndipo malamba ake ndi lamba mmodzi wamtali wa mamilimita 50 amene umamusintha kuti akwane thupi lako, kaya ndiwe wochepa ngati ine kaya ndiwe chimphona. Akatha umangogula wina. Kwa munthu wokhala kutali ndi masitolo, zimenezi ndi nkhani yaikulu.

Koma okanganawo amadaiva m'nyanja zamchere, ena m'madzi ozizira ovala zovala zochindikala. Madzi amchere ndi olemera kuposa athuwa ndi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse, ndiye amayandamitsa munthu kwambiri. Wa ku Sodwana Bay akakuuza mtovu umene amavala, iwe chotsapo makilogalamu 2 kapena kuposerapo. Madzi athu ndi ofunda, amasewera pakati pa madigiri 23 ndi 28, ndipo wetsuit ya mamilimita 3 imakwana. Ine mtovu umene ndimafuna ndi wochepa kwambiri, moti chitsulo cha wing chija, chimene chimalemera pafupifupi makilogalamu 3 chikakhala cha stainless steel, chikanatenga malo a mtovu wanga wonse. Zimamveka zabwino mpaka utaganiza za tsiku loipa. Mtovu wa pa lamba umamasula ndi dzanja limodzi n'kuutaya. Chitsulo chomangidwa kumsana sungachitaye. Chilipo cha aluminiyamu chopepuka, inde, koma kuno kunalibe ngakhale chimodzi choti ndiyese ndisanalipire.

Ndiye pali mwera. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti nyanja imatha kusintha nkhope uli pansi. Umatsika kuli bata, potuluka n'kupeza mafunde, boti lili patali. Wing ukaidzaza kwambiri pamwamba imafuna kukugwetsera nkhope kutsogolo. Odziwa amathira mpweya wochepa n'kutsamira chagada, ndipo zimayenda. Jekete wamba imangokukhazika tsonga ngati uli pampando. Ndinadziganizira ndili ndi mlendo wochita mantha, akumwa madzi, ine ndikumugwira ndi dzanja limodzi kwinaku ndikukodola boti. Ndinaganizanso kuti ophunzira amatengera zimene akuona, ndipo iwo amakhala atavala jekete wamba. Mtima unakhazikika pamenepo.

Nkhani ya kukula kwa thumba ndiye anthu amapusitsidwa nayo kwambiri, chifukwa nambala yaikulu imaoneka ngati chitetezo. Tawerengani nane. Silinda ya malita 12 yodzazidwa kufika 200 bar imanyamula mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 3. Mtovu umauyeza kuti uthe kuima pa mamita 5 silinda itatsala pang'ono kutha, ndiye poyamba daivi umakhala wolemera ndi makilogalamu 3 amenewo. Wetsuit yopyapyala ikaphwa pansi imaonjezerapo kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Ntchito ya jekete pansi pa madzi ndi yokhayo. Onjezerani zoti mutu ukhale pamwamba pa mafunde, komanso zoti jekete iyandamitse silinda payokha ukaivula pokwera boti. Kwa thupi langa, thumba lonyamula makilogalamu 10 kapena 12 ndi lokwana n'kutsalako. Loposa apo limangokoka madzi, ndipo mpweya umabisala m'makona mwake, iwe ukukoka chingwe iwo uli kwina.

Ku Mangochi boma mungagule ukonde, injini ya boti, sola, ngakhale diresi la ukwati, koma BCD ayi. Yatsopano imagulidwa ndi madola kapena marandi, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimene ndinkasunga ku banki mkhonde zinafota ndikuziona. Njira yathu ya ku Mangochi mukuidziwa: chikavuta, imbira wa ku Joni. Achimwene anga a kwa amayi aakulu ali kumeneko chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Sipanathe sabata, zithunzi zinayamba kugwa pa WhatsApp. Anaipeza pa Facebook kwa bambo wina wa ku Pretoria. Yakuda bii, yonyezimira, mphete zachitsulo mbali zonse, matumba a mtovu olowetsa m'jekete momwemo, saizi M, yonyamula makilogalamu oposa 20.

"Chemwali, iyi ndiye ya mabwana. Theka ndilipira ine. Ikwera ndi a transipoti Lachisanu."

Kukana mphatso ya munthu wa ku Joni si masewera. Ndi munthu amene amadzuka mdima ulipo, m'nyengo yozizira ya kumeneko, kukagwira ntchito m'minda ya maluwa ya eni, ndipo theka akunenalo ndi thukuta la milungu. Amayi atamva anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, m'bale wako akakupatsa umalandira ndi manja awiri." Ndinagona nazo masiku atatu. Koma ngakhale pa kaunjika thalauza timayamba taliyeza pakhosi, nanga chinthu choti chikagwire moyo wanga pa mamita 30 ndigule pa chithunzi? Saizi M ndinkaidziwa kale, ndi yomwe ija yofika m'makutu. Thumba lake linali la munthu wovala zochindikala m'madzi ozizira a ku Cape Town. Matumba a mtovu aja ali ndi zotsekera za kampani yake yokha. Limodzi likapulumuka n'kugwera m'ming'alu ya miyala ya ku Thumbi, umayamba wathamangira pamwamba mosafuna, kenako n'kudikira miyezi kuti lina lichoke kunja. Ndipo m'kati mwa thumba la jekete imene yakhala m'madzi amchere simuoneka pa chithunzi. Mchere ukauma umasanduka timiyala tocheka. Chikomekome cha mkuyu.

Ndinawaimbira, osati kulemba. Ndinathokoza kaye mpaka anayamba kuseka. Kenako ndinati, "Achimwene, ngati mukufunadi kundithandiza, pali zinthu zina zimene kuno sindingazipeze." Ndinawatumizira mndandanda: inflator yapadera imodzi ya mtundu wamba, payipi yake, paketi ya ma O-ring, ndi kabotolo ka girizi wa silicone.

"Anzanu amapempha iPhone, inu mukupempha timphira?"

Anagula. Zinafika m'kabokosi ka nsapato, pamodzi ndi bulangete la amayi.

Jekete imene ndinagula inali pafupi pomwepa nthawi yonseyi. Mlangizi wina wa daivi, mayi wakunja wochepa thupi ngati ine, ankabwerera kwawo ndipo sankafuna kulipira katundu wambiri pa ndege. Jekete yake inali yakuda kale, dzuwa la ku Chembe linaisandutsa yotuwa. Saizi XS, matumba awiri, mphete zapulasitiki, mavalavu otulutsira paphewa ndi m'chiuno, yopanda matumba a mtovu. Anandilola kudaiva nayo katatu ndisanatulutse tambala, ndipo anavomera makwacha, kawiri.

Ndisanalipire ndinaizunza ndithu, ndipo aliyense wogula yakale achite chimodzimodzi. Ndinaipopa mpaka valavu inageya yokha, n'kuisiya usiku wonse. M'mawa inali ikadali gwa. Ndinaimiza m'madzi osaya kufunafuna timathovu m'misoko. Ndinamasula mavalavu kuona ngati muli mchenga kapena mphira wong'aluka. Ndinathira madzi m'thumba, kukhutchumula, n'kulawa, kuti ndimve mchere. Lamba wa silinda ndinamunyowetsa kaye ndisanamange, poti nailoni imatamuka ikanyowa, ndipo silinda yomangidwa ndi lamba wouma imatha kupulumuka uli pansi. Batani lolowetsa mpweya ndinalidina kambirimbiri kumvetsera ngati likubwerera msanga, chifukwa likakanirira m'kati jekete imadzaza yokha n'kukutengera kumwamba. Mankhwala ake ndi kuchotsa payipi msangamsanga uku ukutulutsa mpweya, ndipo ndinayeserera mpaka zala zinazolowera. M'kamwa mwa payipi imeneyo muli kavalavu kopangidwa mofanana ndi ka tayala la galimoto. Nditakaona ndinaseka ndekha. Chinthu chimene ndinkachiopa ngati cha m'ndege chili pachibale ndi zimene amakonza anyamata a matayala pa Monkey Bay. Majekete ena odula ali ndi njira zawozawo zopopera, zokongola ndithu, koma zikafuna kukonza zimafuna zipangizo za kampani yomweyo. Yangayi inflator iliyonse wamba imalowa.

Madzi a nyanja yathu sadya zida ngati amchere, mwayi wake ndi umenewo. Adani kuno ndi ena: dzuwa, mchenga, makoswe ndi mphemvu, zimene zimakonda kutafuna mphira wofewa. Ndikatsuka ndimaiyanika pamthunzi ili ndi kampweya pang'ono kuti thumba lisamatirire, ikauma n'kuitsekera m'chibeseni chokhala ndi chivundikiro. Amayi amati ndimaisamala kuposa mmene ndimasamalira zovala za Eid.

Kusintha kwake sikunabwere tsiku limodzi. Jekete siima m'malo mwa munthu. Zazing'onozing'ono zimachitidwa ndi mapapo, ukapuma mozama umakwera pang'ono, ukatulutsa umatsika. Koma silinda itasiya kuyendayenda, dzanja litadziwa pamene pali chingwe, mutu unapeza mpata woona nyanja. Mtovu ndinachotsako kilogalamu ina. Miyendo inasiya kupalasa pachabe.

Ndipo kupalasa pachabe kumawononga zambiri kuposa mmene tinkaganizira tikusambira pamwamba. Pa mchenga wa pafupi ndi Otter Point pali timabwalo ta nsomba zazimuna, tina ngati mbale, tina ngati kachulu kobooka pamwamba. Yaimuna imamanga ndi pakamwa, kunyamula mchenga pang'onopang'ono masiku ambiri, kuti yaikazi idzasankhe poikira mazira. Munthu wolemera mtovu, woyenda chiimire, akangomenya chipsepse kamodzi pamenepo, ntchito yonse yafafanizika. Pamiyala napo, mbuna zimadya ndere zomera pamwala, ndipo fumbi limene wodaiva wavundula limakakhala pa chakudya chomwecho. Malamulo a paki amaletsa kusodza mamita 100 kuchokera m'mbali mwa zilumba zake, koma chipsepse cha mlendo palibe amene amachilondera. Amene akutsogolera ndiye ayenera kuonetsa, ndipo sangauze anthu kuti akwere pang'ono iye mwini akukwekwereza mawondo pansi.

Mwezi wathawu, kuseri kwa Thumbi, pa mamita 16, tinapeza kampango awiri pansi pa mwala akulondera ana awo. Nsomba imeneyi tonse timaidziwa ili pamoto, koma ndi ochepa anaionapo ikulera. Yaikazi imatulutsa mazira kuti ana adye, ndipo pakati pa anawo pamalowerera tiana ta nsomba zina tofuna chitetezo chaulere. Ukafika mwaphokoso makolo amabalalika kapena kukulunjika, ndipo nsomba zolusa zimene zimadikira m'mbali zimapezerapo mwayi. Ndinathira kampweya kamodzi, psi, n'kupinda manja. Ndinakhala pamenepo mphindi 6, mita imodzi pamwamba pa mchenga, ndikukwera pang'ono ndi kutsika pang'ono ndi mpweya wanga womwe. Yaimuna inandiyang'ana, ndevu zikugwedera, kenako inatembenuka n'kupitiriza zake.

Geji itafika pa 70 bar ndinakodola mnzanga, ndinakweza payipi pamwamba pa phewa n'kuyamba kutulutsa. Chatsala tsopano ndi regulator, ndipo mtengo wake achimwene sindinawauzebe.